Apongozi Anga ndi Kolera ya ku Area 12

Mliri waposachedwapa utafika, uja wotivalitsa tinsalu kukamwa, ndinamva anthu ophunzira ndithu akunena pa wailesi kuti Lilongwe sanaonepo zoterezi chiyambire. Ndinaizimitsa wailesiyo. Mzinda uno unabadwira mu mliri. Chaka chimene maofesi a boma ankasamuka ku Zomba kubwera kuno, kolera inali italowa m'dziko muno, ndipo inatipeza tisanamasule n'komwe makatoni onse. Wotsutsa abwere kwathu. Failo ya chaka chimenecho ndili nayo, ndipo palibe pepala limene linatayika. Ntchito yanga inali yosunga mafailo a boma, sindilankhula zakumva.

Kunalinso njala, koma njala ya chaka chimenecho sinali ya dziko lonse ayi. Inali ya ife amene anatiika pakati pa tchire n'kutiuza kuti pano ndiye pa likulu. Koma chimene ndikufuna kulemba ndi cha apongozi anga, a Nankhoma, mayi a mkazi wanga, amene anadzakhala nafe m'nyumba yomangidwa ndi anthu osadziwa kuti mkamwini ndi apongozi amakhalitsana bwanji.

Okutobala

Ndinafika pa lole ya mafailo, nditakhala pamwamba pa makatoni ulendo wonse, chifukwa sindinkakhulupirira kuti wina angawayang'anire bwino. Mkazi wanga Elube anali kutsogolo ndi dalaivala. Anali ndi pakati pa miyezi inayi, mwana wathu woyamba. Tinatsika tili ofiira ndi fumbi mpaka m'makutu.

Nyumba za anthu a giredi yanga zinali zisanathe, choncho anandipatsa kaye nyumba ku Area 12, kwa mabwana. Kalata yake ikunena poyera kuti ndikhalamo mongoyembekezera, ndipo ndikaphwanya lamulo lililonse la nyumbayo ndichotsedwa. Inali ya zipinda zitatu, pa malo aakulu oti munthu atakuwa mnansi sangamve. Bafa ndi chimbudzi cha madzi zinali m'kati, chitseko chake chopenyana ndi cha kuchipinda kwathu. Kuseri kunayenera kukhala kanyumba ka wantchito kokhala ndi chimbudzi chakechake, koma omanga anasiya maziko okha n'kuthamangira kukamaliza maofesi. Pa pepala lolandirira nyumba ndinalemba ndi dzanja langa kuti kanyumbako kulibe, ndipo amene anandipatsa makiyi anasayina pansi pake.

Mnansi wathu anali a Gondwe, ochokera ku Rumphi, oyeza malo. Anali ndi galimoto, ndipo anali munthu wosatha kudutsa osasereula.

"Aneba, makatoni ndawaona. Nanga khasu lili kuti?"

"Ine ndine wa mu ofesi, a Gondwe."

"Tonse ndife a mu ofesi. Koma msika uli ku Old Town, ndipo basi imabwera ikafuna yokha. Kuno wopanda galimoto amadya chimene wadzala."

Novembala

Mudzi wa kwawo kwa Elube unali umodzi mwa midzi imene inasamutsidwa kuti mzinda upeze malo. Kumene anawapititsa kunali kutali, ndipo minda anawagawira mochedwa, ili ndi zitsa zokhazokha. Apongozi anali amasiye. Chimanga chawo chinavumbwa pa msamuko nkhokwe itaphwasulidwa. Elube anati abwere adye nafe, adzathandizenso pa nthawi yochira. Ndinavomera ndi mtima wonse. Anafika ndi khasu, mphasa, ndi kathumba ka mbewu ya makolo.

Achinyamata a lero amakhala pa mpando umodzi ndi apongozi awo n'kumaonera limodzi kanema, choncho ndifotokoze. Pa zaka zitatu za ukwati wathu ndinali ndisanawayang'anepo kumaso a Nankhoma. Sitinkadyera pamodzi. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatuka. Mawu athu onse ankadzera mwa Elube, ngakhale tonse atatu tili pabwalo limodzi. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo kumudzi ulemu umenewu suvuta chifukwa malo alipo. M'nyumba ya boma munali kanjira kamodzi kopita kuzipinda zonse. Ndinaphunzira kutsokomola ndisanatuluke kuchipinda, kuti iwo apeze mpata wolowa kukhitchini.

Tsiku lachiwiri apongozi anazungulira malo onse kuseri, ine ndili pakhonde ndikumva.

"Elube, uwafunse bambowo. Malo onsewa ndi a yani?"

"Akuti ndi a boma."

"Bomalo limalima?"

Sanadikire yankho. Pofika mvula yoyamba anali ataunga mizere kuyambira pa maziko aja mpaka ku waya wa kumsewu. Tinadzala masiku awiri. Ine ndikaweruka ndinkayambira kumapeto ena, iwo ali kumapeto ena, ndipo mizere yapakati inkamalizidwa ndi Elube.

Disembala

Chimanga chinamera bwino. Mvula inkagwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo msewu wopita ku Capital Hill unasanduka phala lofiira. Nsapato za ku ofesi ndinkazinyamula m'manja, n'kukavalira pakhomo.

Unali mwezi umenewu pamene ndinazindikira kuti madzi a m'chimbudzi ankalira akalowa Elube kapena ine basi. Ndinamufunsa Elube tili kuchipinda.

"Amayi amapita kuti?"

"Kudambo, kumunsi uko. Amasamba komweko."

"Chifukwa chiyani? M'nyumba muno muli zonse."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china. "Inu mukufuna amayi azitsegula chitseko chija, inu muli apa mukumva?"

"Ndizichoka m'mamawa. Ndikhoza kumapita kuntchito isanakwane sikisi."

"Ngakhale mutabwerera ku Zomba. Mpando wake ndi womwewo umene mumakhalapo inu."

Ndinachita manyazi kuti ine, wobadwira ku Dedza, ndinafunika kuuzidwa. Zomba inali itandiiwalitsa. M'mawa mwake ndinatayipa kalata yoyamba yopita ku ofesi imene inkayang'anira nyumbazo, kupempha kuti amalize kanyumba ka kuseri, apo ayi andilole kukumba chimbudzi cha dzenje. Kope lake la kaboni ndili nalo. Wina angafunse kuti bwanji sindinangotenga khasu. Zimbudzi zokumba zinali zoletsedwa m'ma Area a mabwana, nyumbayo sinali ya giredi yanga, ndipo mkazi wanga anali wodwala. Masiku amenewo munthu wa boma sankayesa dala lamulo la boma. Ndinadikira yankho. Silinabwere.

Januwale

Kolera tinayamba kuimva ngati nkhani ya kutali, ya kumunsi kwa dziko. Kenako anati yafika ku Old Town, yakwera basi. Mu ofesi anthu anasiya kupatsana manja, tinkangoomba m'manja chapansipansi ngati tili pamaso pa akuluakulu. Makapu a tiyi amene ankatsukidwira mu ndowa imodzi anachotsedwa, aliyense ankabwera ndi yake m'thumba la jekete. Munthu akapita kokataya madzi kawiri m'mawa umodzi, anzake ankasuntha mipando mwakachetechete.

Mphekesera zinali zambiri. Anthu a kuno ankati matendawa tabwera nawo ife a ku Zomba. Ena ankati akuchokera m'manda a midzi yosamutsidwa, amene mathirakitala anadutsa pafupi nawo. Mayi wina wotayipa analumbira kuti mowa wa kachasu umateteza, ndipo amuna angapo anamukhulupirira msangamsanga kuposa mmene ankakhulupirira chilichonse chotuluka pakamwa pa mkazi. Ku msika analetsa zophikaphika. Pa maliro a munthu wa kolera analetsa kusambitsa mtembo, ndipo zimenezi zinawawa anthu kuposa njala imene inkabwera.

Tonse atatu tinakabayitsa jekeseni, ndipo anatipatsa makhadi odinda. Popanda khadi munthu sankadutsa pamene anatchinga msewu. Makhadi atatuwo ali m'failomu. Tinkaganiza kuti khadi ndi chishango. Palibe anatiuza kuti jekeseniyo inkangothandiza pang'ono.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndi ichi. Kumtunda kwa dambo lija kunali misasa ya anthu omanga, ndipo kumeneko anthu anali atayamba kudwala. Madzi onse a ku misasako ankatsikira kumene apongozi ankasamba, kuchapa ndi kuthyola ndiwo. Ndinamutuma Elube, ine n'kuima kuseri kwa chitseko cha khitchini.

"Bambo akuti kudambo musamapiteko. Madzi ake ali ndi matenda."

"Uwauze kuti ndamva."

"Akuti ndithu, amayi."

"Ndamva. Uwafunse kuti ndizipita kuti."

Chimanga chinali chitafika m'chiuno, ndipo iwo anayamba kulowa m'menemo, kumapeto kwenikweni, ndi kakhasu kawo. Koma kusamba ndi kuchapa sanasiye kudambo. Ndiponso mpopi wathu unkauma masiku awiri kapena atatu otsatana pamene ankalumikiza mapaipi a ma Area atsopano. Masiku oterowo madzi akumwa tinkapatsidwa ndi a Gondwe, amene ankatunga ndi mgolo pa galimoto, koma ena onse ankachokera kudambo komweko, pamutu pa apongozi. Ndinalamula kuti madzi onse aziwiritsidwa. Elube ankawiritsa. Koma munthu amene wapalira kuyambira mbandakucha, ali pamadzi, ludzu litamugwira, sadikira ketulo.

Tsiku lina ndinawamva apongozi akuuza Elube, akuthira ndowa yathunthu m'thanki ya chimbudzi chimene iwo sankalowamo: "Chinthu ichi chimamwa kuposa ng'ombe."

Ndinatayipa kalata yachiwiri. M'menemo ndinatchula kolera katatu.

Febuluwale

Chimanga chinasowa. Midzi imene inkadyetsa Old Town ndi yomwe ija inasamutsidwa, ndipo anthu a kutali ankaopa kubwera m'tauni ya matenda. Mtengo wa chitini cha chimanga unkakwera Loweruka lililonse. Pa depoti pamene ankagulitsa chimanga pa mtengo wa boma ankapereka muyeso umodzi pa munthu, ndipo mzere unkayamba kusanache. Ine ndinali kuntchito, Elube anali atatopa, miyendo yotupa. Amene ankayenda ulendo wonsewo wapansi, kukaima pakati pa khamu la anthu n'kubwera atasenza, anali apongozi. Masiku ena ankabwera chimanjamanja. Tinayamba kusakaniza ufa ndi madeya, ndiwo zake nkhwani za m'munda mwathu. Elube anandiuza kuti mayi ake akumadya komaliza, ndipo akumamukankhira gawo lawo ponena kuti wodwala amadyera awiri. Ndinawaona tsiku lina chakumbuyo akubandira, nsalu itazungulira thupi lawo mopitirira mmene inkachitira.

Aliyense anachita zimene akanatha. Anzanga ena anabweza akazi awo ku Zomba. A Gondwe anatumiza banja lonse ku Rumphi n'kutsala okha, akudya mbatata zowotcha ndi tiyi. Bwana wina wa kumtunda kwathu anatseka geti, n'kuuza mlonda wake kuti asalowetse munthu aliyense wovala nsapato zamatope. Ife tinalibe kothawira.

Ndinapita ndekha ku ofesi ya nyumba ija, makaboni awiri ali m'manja. Amene ndinamupeza pa desiki anali munthu wa msinkhu wanga, ndipo malankhulidwe ake anali a konkuno.

"Makalata anu tinalandira, bwana. Koma taganizani. Alendo a kunja akudutsa mu Area 12, n'kuona kachimbudzi ka udzu. Likulu limenelo?"

"Alendo a kunja akadutsa n'kuona maliro, likulu limenelo?"

"Chimbudzi muli nacho, chabwino kuposa changa. Apongozi anu akuopa chiyani? Sichiluma."

"Inu apongozi anu amalowa chimodzi ndi inu?"

Anaseka, n'kutseka failo. "Anga ali kumudzi, kumene apongozi amakhala."

Munthu ameneyu ankadziwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chimenecho. Akanakhala mzungu wojambula mapulani ndikanamukhululukira, koma uyu anakulira m'mudzi ngati ine, ndipo anasankha kusadziwa chifukwa anali kuseri kwa desiki. Patapita sabata yankho linabwera lolembedwa. Zimbudzi zokumba n'zosaloledwa. Kanyumba ka kuseri kadzaganiziridwa chaka chamawa. Ndime yomaliza inkandikumbutsa kuti nyumbayo inaperekedwa kwa ine, mkazi wanga ndi ana anga.

Ndinaiwerenga kawiri, n'kuiboola, n'kuiika m'failo. Khasu linali pakhonde. Sindinaligwire. Zimenezinso ziyenera kulembedwa.

Malichi

Elube anachira Lachiwiri, ku chipatala cha ku Old Town, mwana wamkazi. Anataya magazi ambiri, choncho anamugoneka. Chifukwa cha kolera odikirira odwala sankaloledwa, ndipo apongozi anabwezedwa pa geti atangomuona mdzukulu wawo pawindo. M'nyumba tinatsala awiri, opanda wotilankhulira.

Tinapeza njira. Iwo ankaphika n'kusiya chakudya patebulo, n'kugogoda mbale kawiri ndi supuni potuluka. Ine ndikamaliza ndinkatsokomola n'kulowa kuchipinda. Nkhani za kuchipatala ndinkazinena mokweza nditaima pakhonde, ngati ndikuuza mtengo wa mango, ndipo yankho linkachokera kukhitchini: "Zikomo."

Lachinayi m'mawa ndinkameta ndevu pawindo la bafa, limene linkayang'ana kumunda. Chimanga chinali chitamasula ngaiyaye, chachitali kuposa munthu. Ndinawaona apongozi akulowa m'chimanga mofulumira. Anatuluka. Ndisanatsuke lezala analowanso. Kachitatu anatuluka atagwira mapesi, n'kudzatsamira khoma, kenako n'kubwereranso. Mbale sinagogodedwe. Moto sunayatsidwe.

Ndinadziwa. Chikalata chofotokoza zizindikiro ndinachikhoma ndekha pa bolodi la ku ofesi. Koma mkamwini sawerenga maulendo a apongozi ake opita kuthengo. Kungovomera kuti ndawaona kunali kuwavula. Ndinavala taye, n'kuima pakhomo la khitchini, nkhope nditalozetsa kumsewu.

"Kaya kunjaku kwadzukidwa bwanji?"

Mawu anachokera m'chimanga, aang'ono, osasa. "Kwadzukidwa bwino."

Ndinatenga jekete n'kupita kuntchito.

Ndayesa zaka zonsezi kupeza mawu ofewetsa chiganizo chimenechi, ndipo palibe. Ndinadziuza kuti mwina ndi nkhwani za dzulo. Ndinadziuza kuti ndikachoka apeza ufulu wolowa m'nyumba n'kugona. Ku ofesi ndinakhala pansi, n'kutsegula failo yoyamba, n'kuiyang'ana osaona chilembo. Mnzanga wa desiki yoyandikana anandifunsa za mwana, ndinamuyankha kuti ali bwino. Belu la tiyi linalira. Ndinakhalabe. Itayandikira nthawi ya nkhomaliro ndinadzuka osatsanzika aliyense, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, ndipo nditangotuluka pa geti ndinayamba kuthamanga, nsapato za ku ofesi zili kuphazi.

M'nyumba munalibe munthu. Ndinaitana ndili pakhonde, kuti zii. Ndinalowa m'chimanga.

Ndinawapeza pakati pa mizere, chakumapeto, atagona chammbali. Maso anali atalowa m'kati. Zala zinali zitakwinyika ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Nsalu yawo inali yonyowa ndi madzi otuwa aja, ngati otsukira mpunga. Atamva mapazi anga anayesa kukokera nsalu kumutu, koma dzanja linakana. Anatembenuzira nkhope kudothi.

"Asandione bambowo," anatero, ngati Elube ali pomwepo.

Ngakhale pamenepo ndinaima. Sindikudziwa kuti nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinathamangira m'nyumba, n'kukoka bulangeti pa bedi lathu, n'kudzawafunditsa thupi lonse ndi kumutu komwe. Ndinawanyamula. Anali opepuka moopsa, ndiponso ozizira.

Mulungu anachita kuti a Gondwe akhale atabwera kudzadya. Atandiona ndikutuluka m'chimanga sanafunse kanthu. Anayala tenti yawo ya kuntchito pa mpando wakumbuyo, n'kulowa m'nyumba mwawo, n'kutuluka ndi ketulo ya madzi owiritsa ndi kapu.

"Khalani nawo kumbuyoko. Muziwamwetsa njira yonse, ngakhale asanze."

"A Gondwe, awa ndi apongozi anga."

"Ndikudziwa, aneba. Kwathunso timawaopa. Muziwaopa mawa, ali moyo. Gwirani mutu."

Ndinawagwira mutu. Ndinavundukula bulangeti pakamwa pokha. Anamwa, maso atatsinzina, n'kusanza pa thalauza langa, n'kumwanso. Galimoto inaterereka kawiri m'matope tisanafike pa tala. Pa mlatho wa Lilongwe panali mzere wa malole a njerwa, ndipo a Gondwe anaika dzanja pa hutala osachotsa mpaka anatipatukira.

Odwala kolera ankagonekedwa m'matenti kuseri kwa chipatala. Namwino anafufuza mtsempha pa mkono, sanaupeze, anapita pa mkono wina, kenako kuphazi. Akumangirira botolo la diripi anafunsa osanditembenukira.

"Anayamba liti?"

"M'mamawa."

"Inu munali kuti?"

"Kuntchito."

Anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira pa taye mpaka ku nsapato. "Mukasambe m'manja apo, zovalazo mukawiritse. Akafika mawa, mwina."

Elube anali kumbali ina ya mpanda womwewo. Anandilola kulankhula naye pawindo, nditaima patali. Ndinamuuza zonse, ngakhale za m'mawa zija. Mwana ali pachifuwa, anandifunsa:

"Anawanyamula ndani?"

"Ine."

"Anali bwanji?"

"Ndinawafunditsa."

"Akachira sadzafuna kukuonaninso," anatero. Kenako anati, "Akachira."

Lachisanu anthu a zaumoyo anadzapopera mankhwala m'nyumba ndi kuwaza laimu m'munda. Kuchipatala anandiuza kuti alipo, koma sakutulutsa mkodzo. Loweruka m'mawa anati chimodzimodzi. Ndinabwerera kunyumba, n'kuvula malaya, n'kutenga khasu la apongozi. Ndinasankha malo pakati pa chimanga, kumene munthu wa pamsewu sakanaona. Nditakumba kufika m'maondo ndinamva mapesi akuphwanyika. Anali a Gondwe, tepi yoyezera ili m'manja.

"Ine sindikuona kanthu, aneba. Maso anga ndi a boma, lero ali pa holide. Koma mukanasuntha mapazi khumi cha uko. Apo mukukumbapo pansi pake padutsa paipi ya madzi a bwana wamkulu."

Tinakwirira n'kuyambanso. Tinakumba Loweruka lonse, ndipo Lamulungu a Gondwe, munthu wosaphonya tchalitchi, anabweranso ndi fosholo. Nthawi yonseyi sindinkadziwa ngati ndikukumbira munthu wamoyo. Tinayala mitengo, n'kutchinga ndi udzu, denga lake lalifupi kuti lisapitirire ngaiyaye. Lolemba namwino uja anandiuza kuti apempha phala.

Epulo

Anatuluka pamodzi, Elube, mwana ndi apongozi, pa galimoto ya a Gondwe. Ine ndinabwera pa basi kuti ndisakhale nawo m'galimoto imodzi. Mwanayo tinamutcha Tiyamike.

Elube sananame. Tsiku lomwelo mayi ake anamanga kathumba kawo, nati awakweze basi ya ku malo atsopano aja. Sangakhale pakhomo pa mkamwini amene anawaona chomwecho. Miyendo yawo inali ngati mabango, sankatha kufika ku waya osapuma, ndipo kumene ankafuna kupitako kunalibe nkhokwe, kunalibe chipatala, madzi ake anali a pachitsime chosatchinga. Ndinadziwa kuti akapita sitidzawaonanso. Elube sanakangane nawo. Anawagwira mkono n'kulowa nawo m'chimanga. Atatuluka ndinamva ndili kuchipinda.

"Analola a boma aja?"

"Sanalole."

"Nanga akadziwa?"

"Atichotsa."

Kenako apongozi anati, "Ndikhala mpaka tikolole. Mbewuyi ndi yanga."

Mvula inayamba kudukiza, ndipo matenda anayamba kuchepa nayo. Ku ofesi anthu anayambanso kupatsana manja, poyamba mwamanyazi. Tinayamba kudya dowe ndi maungu, mzere wa pa depoti unatha wokha. Apongozi ankanenepa pang'onopang'ono. Koma ankandithawa kuposa kale. Ndikangofika pa geti ankalowa kuchipinda kwawo osatulukanso, ndipo ngakhale mawu odzera mwa Elube anatha. Ine ndinkayang'ana masamba a chimanga akusanduka achikasu, n'kumaona kuti tsiku lililonse udzu wa denga lija ukuoneka kwambiri.

Meyi

Kumayambiriro kwa mwezi kunabwera chikalata pa nyumba zonse za m'dera lathu chakuti amene analima achotse mapesi akangokolola, chifukwa amasunga njoka ndi udzudzu. Woyendera nyumba ankadutsa pa msewu wathu sabata iliyonse.

Tinakolola Loweruka. Chimanga chinabereka kuposa mmene ndinkayembekezera, china ziwiriziwiri pa phesi. Elube anakhala pa mphasa ndi mwana akusenda makoko. Apongozi anali pa mpando waung'ono pafupi ndi maziko aja, atandifulatira, akusankha chambewu. Ine ndinkadula mapesi ndi chikwanje kuchokera kunyumba kulowera kumsewu, ndipo ndikamadula munda unkayera kumbuyo kwanga.

Masana ndinafika pa kachimbudzi kaja. Pakati pa iko ndi waya panatsala mizere itatu. Ndikaisiya, ndaphwanya chikalata. Ndikaidula, woyendera aona, atiuza kuti tikwirire, mwinanso tilongedze. Ndipo kaya zitero kaya ayi, kukolola kunali kutatha, tsiku limene apongozi ananena kuti adzapita linali litakwana. Ndinaima pamenepo, kenako chizolowezi cha zaka zonse chinandigwira dzanja. Ndinagwira phesi loyamba n'kukweza chikwanje.

"Bambo a Tiyamike."

Sanali mawu a Elube. Ndinatembenuka. Apongozi anali ataimirira, chimanga chili m'manja, ndipo ankandiyang'ana ineyo, kumaso. Aka kanali koyamba kuona kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere.

"Mizere itatu iyo musadule. Thyolani chimanga chokha, mapesi aime. Kunja kwakeko ndidzalako nandolo, chaka chamawa tisadzavutikenso."

Elube anasiya kusenda.

"Ndamva, amayi," ndinatero.

Anakhalanso pansi, n'kundifulatira, n'kupitiriza kusankha mbewu. Ine ndinaika chikwanje pansi ndi kuyamba kuthyola.